Bwato la M'ndakatulo Zathu Lilibe Wosema

Sabata ino mwayi wolemba wagwera ine, ndipo ndiyambe ndi kupepesa, chifukwa ena a inu ndikukhudzani pachilonda. Sinditchula dzina la munthu aliyense. Amene adzizindikire m'nkhani ino asakwiye, pakuti inenso ndili momwemo: ndakatulo yoyamba imene ndinaika muno inali ndi matenda omwewa.

Kwa miyezi ingapo ndakhala ndikusunga ndakatulo ndi nkhani zazifupi zokamba za nyanja zimene mumaika muno. Sabata yatha ndinakhala pansi n'kuziwerenganso zonse motsatizana. Ndinapeza kuti bwato lilimo pafupifupi monsemo, koma ndi bwato limodzi lomwelomwelo. Limakhala patali, lakuda bii, dzuwa likulowa kumbuyo kwake, madzi ali phee ngati m'beseni. Mkati mwake muli msodzi mmodzi wopanda dzina amene sayankhula, ntchito yake ndi kuimira umphawi, kapena mtendere, kapena chikondi chimene chathawa wolembayo. Bwato limeneli sililowa madzi. Palibe amene analisema, palibe mtengo umene unagwa kuti likhalepo, ndipo palibe amene akali ndi ngongole chifukwa cha ilo. Ndikufunseni, abale anga: bwato limeneli munalionera kuti?

Yankho ndikulidziwa, chifukwa nanenso ndinalionera komweko. Amene munakula nthawi ya Kamuzu mukukumbukira ndalama zapepala za nthawi imeneyo, zimene pambali pa nkhope ya Ngwazi zinali ndi asodzi ali m'bwato panyanja. Kenako panabwera makalendala, zikwangwani zoitanira alendo ndi timabuku ta malo ogona a m'mbali mwa nyanja. Lero chithunzi chomwechi chadzaza Facebook, ndipo chambiri chimajambulidwa ku Cape Maclear. Chithunzicho n'chokongola, sindikana. Koma anachikonzera munthu amene wabwera kudzapuma masiku atatu, wakhala pampando ndi chakumwa m'manja. Ife olemba tinachitola n'kuchisandutsa mawu, ndipo tinazolowera kuona nyanja yathu ndi maso a mlendo. Chomvetsa chisoni n'chakuti ngakhale ena obadwira ku Nkope, ku Makawa kapena ku Malindi, akagwira cholembera amalemba chithunzi chomwechi, pamene bwato lenileni lili kuseri kwa nyumba yawo.

Mwina wina akuti, nanga vuto lili pati? Tiyeni tione zimene zimachitika munthu akamalemba kuchokera pachithunzi. Mu ndakatulo ina wolemba waima pamchenga cha ku Nkopola, akuona dzuwa likumira m'madzi. Komatu gombe limenelo linayang'ana kum'mawa. Kumeneko dzuwa limatuluka m'madzi m'mamawa, madzulo n'kukabisala kuseri kwa mapiri a kumtunda. Amene amaona dzuwa likulowa tsidya la nyanja ndi a ku Malindi ndi ku Makanjira, kapena a ku Chembe, kumene gombe linakhota. M'nkhani ina mnyamata akupha usipa wodzaza bwato mwezi uli mbee, mwezi wathunthu. Funsani msodzi aliyense, akuuzani kuti usipa umakopedwa ndi nyale usiku wamdima, ndipo mwezi ukawala kwambiri nyale imasowa mphamvu, anthu ambiri amangokhala pamtunda n'kumasoka maukonde. M'nkhani inanso okondana awiri akuyenda pabwato mu Julayi madzi ali bata tsiku lonse. Julayi ndi pakati pa nyengo ya mwera, mphepo yochokera kumwera imene imawomba kuyambira cha mu Meyi mpaka cha mu Ogasiti, ndipo imatha kutsekereza anthu pamtunda masiku angapo. Bata limapezeka ndithu, koma munthu wa kunyanja sangatchule Julayi osatchula mwera.

Ndipo nthawi zambiri mumamukhazika msodziyo pansi mkati mwa bwato, manja onse awiri akukoka nkhafi ziwiri ngati m'mafilimu a ku Ulaya. Bwato la kuno lili ndi pakamwa popapatiza. Mimba yake ndi yotakata, koma milomo yake imapindikira mkati, kotero kuti mafunde savuta kuthira madzi ngati mmene zingakhalire likanakhala lotseguka ngati mtondo wosinjira. Wopalasa amakhala pamwamba pa milomoyo, miyendo yokha ndi imene imalowa, ndipo amagwira nkhafi imodzi. Mwana wa kumtunda akakwera koyamba amatsika matako akuwawa, miyendo itachita dzanzi. Ziganizo ziwiri zokha zonena zimenezi zingamuuze wowerenga zambiri kuposa ndime zisanu zotamanda kukongola kwa madzi.

Izi sindikuzitchula kuti ndioneke wodziwa. Ndikuzitchula chifukwa wowerenga wa ku Msaka akapeza mwezi wathunthu pamwamba pa usipa amasiya kukukhulupirirani, ndipo chisoni chonse chimene mumafuna kumumvetsa chimagwera m'madzi. Wowerenga wa ku Mchinji, amene nyanja sanaionepo, amakhulupirira, n'kuphunzira bodza. Onse awiri mwawalakwira.

Ndiloleni ndikuuzeni za bwato lenileni monga ndinalionera ndili mwana. Amalume anga anali mmisiri wosema mabwato tsidya la kum'mawa. Ntchito inkayamba miyezi yambiri nkhwangwa isanagwire mtengo. Ankayenda m'phiri kufunafuna mtengo wowongoka, waukulu woti anthu awiri sangaukumbatire, wopanda mphako. Mitengo imene ankaitchula mwaulemu inali mbawa, mtondo ndi mlombwa. Akaupeza ankaugogoda n'kumvetsera, chifukwa mtengo wina umaoneka bwino kunja pamene mkati unafumbwa. Kenako ankapita kwa amfumu kapena kwa mwini malo. Mtengo ukagwa ankayamba auyang'ana kaye mbali zonse, kuti adziwe mbali imene ikhale pansi ndi imene ikhale pakamwa, pakuti kulakwitsa pamenepo kumabala bwato lopendekeka moyo wake wonse.

Kunja ankakusema ndi nkhwangwa, mkati ankakumba ndi nsompho. Apa ndiye panali luso. Taganizani kukumba mimba yotakata kudzera pakamwa popapatiza, dzanja likugwira ntchito pamene diso silikuona bwino. Amalume ankagogoda khoma la bwato ndi msana wa nsompho, n'kutchera khutu. Kamvekedwe kake ndi kamene kankawauza kuti apa patsala pochindikala, apa leka uboola. Ine ntchito yanga inali kuwapititsira thobwa ndi kutola zipalapasa, koma kulira kwa mtengo wogogodedwa kuja ndimakukumbukira mpaka lero. Bwato likaumbika, ankaitana amuna a m'mudzi kudzalikoka ndi zingwe kutsika nalo phiri, akuika mitengo pansi kuti litsetserekepo, nyimbo ili pakamwa, amayi ataphika. Kusalaza komaliza kunkachitikira pagombe, kumene aliyense wodutsa ankaima n'kuperekapo maganizo ake, ofunika ndi osafunika omwe.

Onani kuchuluka kwa nkhani m'ndime ziwiri zimenezi. Muli mkangano wa mwini mtengo ndi wogula. Muli mmisiri amene walandira chikole ndipo mtengo wapezeka wofumbwa. Muli mwana amene akukana kuphunzira nsompho chifukwa maso ake ali ku Joni, monga achinyamata ambiri a boma lino. Muli mkazi amene wagulitsa mbuzi kuti mwamuna wake akhale ndi bwato lakelake, asamangolembedwa ganyu pa chilimira cha eni ake. Zonsezi mumazisiya, n'kusankha dzuwa lolowa.

Kusiya wosema kunja kwa nkhani sikunayambe ndi ife. Mukadzafika ku Mangochi boma, kaimeni pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi. Mudzaona nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria, kuchokera masiku amene tawuniyi inkatchedwa Fort Johnston, dzina lochokera kwa Harry Johnston amene anamanga linga kuno mu 1891. Chapafupi pali mfuti ya sitima yankhondo ya Guendolen, imene mu Ogasiti 1914 inakawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ku Liuli, tsidya la Tanzania. Palinso chikumbutso cha anthu 145 amene anafa pamene sitima ya Vipya inamira mu 1946. Kanyumba kosungiramo zakale ka Lake Malawi Museum kali pomwepo, ndipo ndikukulimbikitsani kuti mukalowemo. Mbiri ya sitima timaidziwa bwino. Ilala yoyamba inafika ku Cape Maclear ndi amishoni mu 1875. Chauncy Maples anaipanga ku Glasgow, n'kudzailumikiza kuno, ndipo inayamba kuyenda mu 1901. Ilala ya lero inayamba ntchito mu 1951 italumikizidwa ku Monkey Bay.

Sitima iliyonse ili ndi dzina, chaka chobadwa ndi mayina a oiyendetsa. Nanga mabwato amene ankawolotsa anthu pa Shire kwa Mponda, mlatho kulibe? Nanga amisiri a Makanjira, amene ankakhoma zombo zamathanga zimene zinawavutitsa Angerezi mpaka Captain Maguire anafera komweko mu Disembala 1891 pofuna kuziwononga? Zombo zimenezo zinanyamula akapolo, ndipo mbiriyo ndi yowawa, sitingaipake mafuta. Komabe panali manja a anthu a kuno amene ankadziwa kukhoma chombo chowoloka nyanja, ndipo m'mabuku athu a kusukulu manja amenewo sawoneka. David Livingstone atafika panyanjayi mu 1859 anapeza anthu akupalasa kale. Amene ankalemba mbiri anali ndi chidwi ndi zombo zawo, ndipo zimenezo n'zomveka. Chosamveka n'chakuti ife, zidzukulu za opalasa aja, tapatsidwa cholembera ndipo tikupitiriza kuwasiya opanda mayina.

Kwina anthu amanyadira bwato. Ku Nigeria, m'mudzi wa Dufuna, m'busa wina akukumba chitsime mu 1987 anagunda bwato losema limene akatswiri anapeza kuti lili ndi zaka pafupifupi 8,000. Ndi lakale kwambiri mwa mabwato onse opezeka mu Africa, ndipo kasemedwe kake kakusonyeza kuti luso limeneli linali litakhwima kale nthawi imeneyo. Anzathu a ku Zambia, Alozi, chaka ndi chaka pa mwambo wa Kuomboka amaonetsa dziko lonse chombo cha Litunga chotchedwa Nalikwanda, ndipo kukhala mmodzi wa opalasa ake ndi ulemu waukulu. Ife tili ndi nyanja yotalika makilomita oposa 500, ndipo mbali yake ya ku Cape Maclear, Lake Malawi National Park, inalowa m'kaundula wa UNESCO mu 1984 chifukwa cha nsomba zake. Mbuna tazilemba mayina mazanamazana. Amisiri osema mabwato a m'midzi yozungulira pakiyo ndani walembapo mayina awo?

Tiyang'anenso mabuku amene anatilera. Ambiri a ife Chichewa cholemba tinachiphunzira kwa a Samuel Ntara, a John Gwengwe, a E.J. Chadza ndi anzawo. Ndi akuluakulu amene ndimawavulira chipewa. Koma dziko limene anatiphunzitsa kulemba ndi la kumtunda: munda, nkhokwe, bwalo, dambwe, mphala. Ankalemba zimene ankazidziwa, ndipo ankazidziwa mpaka mizu, n'chifukwa chake mabuku awo akali moyo. Cholakwa chili ndi ife. Tinatengera mawu awo, osatengera khalidwe lawo lokhala pansi ndi akulu n'kufunsa dzina la chinthu chilichonse. Choncho wolemba wa lero akamanena za munda amadziwa kusiyanitsa kusosa, kugalauza, kupalira ndi kubandira, koma akafika panyanja mawu amamuthera, amangoti msodzi anapita kukagwira nsomba.

Chikhalirecho mawu alipo ambirimbiri. Pali matchera, pali khoka, pali chilimira, pali kambuzi, pali mono. Pali mwera, mpoto ndi vuma, mphepo iliyonse ndi khalidwe lake. Pali kukapa madzi m'bwato, ntchito imene mwana amayambira asanapatsidwe nkhafi. Pali mathandala oyanikapo usipa. Pali siginala, munthu amene amatsogola yekha ndi bwato lokhala ndi nyale, kusonkhanitsa usipa, n'kuuza anzake nthawi yoponya ukonde. Mawuwa anachokera ku Chingerezi, koma anawasandutsa athu ndi asodzi, ndipo siginala wabwino amalimbiranidwa ngati wosewera mpira. Nyale zake kale zinali za parafini, lero ambiri akugwiritsa ntchito mababu a batire. Ngakhale mawu akuti bwato ali ndi nkhani yake: akuluakulu ena amati bwato wanga, ife achinyamata timati bwato langa. Ndiponso gombe lino si la chiyankhulo chimodzi. Padoko limodzi mumamva Chiyao, Chinyanja cha kunyanja ndi Chitonga cha asodzi ochokera ku Nkhata Bay amene anakhazikika m'madoko a kumwera kuno. Koma asodzi a m'nkhani zathu amayankhula Chichewa cha pa wailesi, ngati owerenga nkhani za 7 koloko.

Amene mumawerenga Chingerezi, onani a Jack Mapanje, obadwira ku Kadango m'boma lomwe lino mu 1944, amene buku lawo la Of Chameleons and Gods linatuluka mu 1981. Iwo akamakumbukira kwawo amatchula malo ndi dzina lake, ndipo nyanja yawo imakhala ndi anthu okhalamo, odya, okangana ndi olira. Sindikuti tiwatsanzire. Ndikungoti munthu anatha kunyamula Kadango kupita naye kwa owerenga a ku London osamusandutsa chithunzi cha pakalendala. Ife tikulemba m'chiyankhulo chathu, kwa anthu athu, tikulephera bwanji?

Tsopano ndiyankhe amene akonzeka kale kundigenda m'ndemanga. Woyamba ati, ndakatulo si lipoti la a zausodzi, wolemba ali ndi ufulu wolota. Zoona. Lotani, abale, palibe akukuletsani. Mukhoza kuliulutsa bwatolo mumlengalenga ngati mukufuna, ndipo ine ndiwomba m'manja. Koma pali kusiyana pakati pa munthu amene wathyola lamulo akulidziwa ndi amene sakudziwa n'komwe kuti lilipo. Wowerenga amazindikira. Fanizo limagwira mtima likakhala ndi mizu m'chinthu chenicheni. Mukanena kuti banja lathu lili ngati bwato panyanja, simunanene kanthu, aliyense ananenapo. Koma mukanena za banja limene mmodzi akupalasa pamene mnzake akukapa madzi usiku wonse, ndipo onse awiri akudziwa pamene pali mng'alu koma palibe akupatchula, mwandigwira. Kuti mufike pamenepo muyenera kudziwa kuti bwato limang'aluka, ndipo limamatidwa ndi phula, zidutswa za malata kapena za zigubu zokhomerera ndi misomali.

Wachiwiri ati, iwe ukulirira chinthu chimene chikuyenera kutha. Uyu ndiye ali ndi mfundo yolemera, ndipo sindimuthawa. Bwato limodzi limadya mtengo wathunthu umene unatenga zaka makumimakumi kuti ukule, ndipo mbali yaikulu ya mtengowo imathera m'zipalapasa. Mtengo womwewo utachekedwa matabwa ungapereke zochuluka. Mitengo ikuluikulu ya m'mbali mwa nyanja inatha, yotsala ili m'nkhalango zotetezedwa monga Namizimu ndi Phirilongwe, kumene lamulo la zankhalango la 1997 sililola munthu kungolowa ndi nkhwangwa. Ku Mpwepwe, kumene kuli sukulu ya zausodzi ya Malawi College of Fisheries, ntchito yokhoma maboti amatabwa inakhazikika kalekale, ndipo boti lamatabwa limanyamula zambiri, limalola injini, limafika kutali. Ku Botswana, m'madambo a Okavango, mabwato ambiri otchedwa mokoro lero amapangidwa ndi fibreglass pofuna kupulumutsa mitengo. Ndipo tisaiwale kuti bwato limapha. Palibe doko kuno lopanda mayi amene mwana wake anapita ndi mwera osabwerera.

Zonsezi ndikuvomera. Koma taonani kuti mfundo imeneyi ikundithandiza ine. Ngati bwato losema lili pakati pa mkangano wa nkhalango, njala ndi imfa, ndiye kuti ndi nkhani yaikulu kuposa mmene tikuilembera. Sindikupempha kuti mulembe zolitamanda. Ndakatulo yotamanda chikhalidwe chathu chokongola, yodzaza ndi mawu akuti makolo athu, imakhala yopanda kanthu chimodzimodzi ndi ya dzuwa lolowa ija. Ndikupempha kuti mulembe mkanganowo. Mlonda wa nkhalango amene wagwira wosema ali ndi chifukwa chake, ndipo n'kutheka kuti sukulu anaphunzira ndi ndalama za usipa. Wosemayo nayenso ali ndi chifukwa chake. Msodzi wosauka sangakwanitse boti lamatabwa ndi injini, ndipo ngakhale eni chilimira amafunabe bwato laling'ono la siginala. Nkhani yabwino imawapatsa onsewa pakamwa.

Kumbukiraninso zimene zinachitika ku Malombe. Chambo chimene chinkadzaza m'nyanja imeneyo chinatha pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, maukonde a maso ang'onoang'ono atachuluka, ndipo mu 1993 boma linayamba kugwira ntchito ndi makomiti a m'madoko, aja timawatcha ma BVC, kuti asodzi eni ake azitetezera nsomba. Chaka chilichonse ikafika Novembala nyanja ya Malawi imatsekedwa ku maukonde ena kuti chambo chiswane. Taganizani bambo amene ali mu komiti, ndipo usiku wina wapeza bwato la mlamu wake likukoka khoka nthawi yotseka. Achite chiyani? Akamuneneza, kunyumba kulibe mtendere. Akamusiya, mawa sangadzudzule wina. Nkhani ngati imeneyi ikuchitika pamadoko athu, ndipo muno sindinaiwerengepo.

Kuti ndisakhale wongodandaula, ndinene za nkhani imodzi imene inandikhutiritsa. Inaikidwa muno miyezi yapitayo ndi mlongo wathu wina, ndipo inalandira ndemanga zochepa kwambiri, mwina chifukwa inalibe mawu okuluwika. Inali ya mayi wamasiye amene mwamuna wake anamusiyira bwato. Abale a mwamuna akulifuna, iye akukana, ndipo akulibwereketsa kwa anyamata amene amamupatsa gawo la nsomba. Wolembayo sanatiuze kuti mayiyo ndi wolimba mtima. Anangotionetsa akudzuka m'bandakucha kukayang'ana ngati bwato alikokera pamtunda bwino, akuliphimba ndi makuti kuti dzuwa lisaling'ambe, akukangana ndi anyamata aja za chigamba chimene chayamba kulowetsa madzi. Pamapeto bwato silimira ndipo mayiyo salemera. Amangopeza kuti chigamba chafika pachisanu ndi chiwiri, ndipo mmisiri wamuuza kuti palibenso pokhomera msomali. Nditawerenga ndinakhala chete nthawi yaitali. M'nkhani yonseyo dzuwa silinalowe ngakhale kamodzi. Inali ndi zofooka zake, zokambirana zina zinatalika ndipo chiyambi chinachedwa, koma wolembayo analigwirapo bwato ndi manja ake, ndipo zimenezo zinamveka m'chiganizo chilichonse.

Amalume anga bwato lawo lomaliza analisema ndi mtengo wa mango. Mbawa inali itasowa, ndipo wogula analibe ndalama yokafuna mtengo kutali. Analisema bwinobwino monga mwa nthawi zonse, koma atamaliza sanafune kuti anthu adziwe kuti ndi lawo, chifukwa ankadziwa kuti silikhalitsa. Anamwalira patapita zaka zochepa. Nsompho yawo ilipo, ili kudenga kwa amayi, koma mwa ife adzukulu awo palibe amene angaigwire. Ine amene ndinkawapititsira thobwa ndinapita kusukulu, n'kuphunzira kulemba, ndipo ndakatulo yanga yoyamba ya nyanja inali ya dzuwa lolowa ndi msodzi wopanda dzina. Mayina a zigawo za bwato amene ankatchula, ena ndawaiwala, ndipo woti ndimufunse palibe. Ndikamakudzudzulani chonchi, dziwani kuti ndayamba ndadzidzudzula ndekha.

Pempho langa ndi ili. Amene muli kufupi ndi madzi, kaya ndi ku Monkey Bay, ku Makanjira, ku Malombe, ku Senga Bay, ku Nkhotakota, ku Chilwa kapena ku Shire wa kumunsi, pitani padoko sabata ino. Musapite kukajambula. Funsani kuti bwato ili analisema ndani, ndi mtengo wanji, unachokera kuti, linagulidwa bwanji, lakhala zaka zingati. Ngati wosemayo ali moyo, kamupezeni, mupatseni ulemu wake, khalani pansi, ndipo mulembe mawu ake monga akuwatchulira, kaya ndi m'Chiyao, m'Chitonga kapena m'Chisena, osawakonza kuti afanane ndi Chichewa cha m'kalasi. Mupempheni chilolezo musanaike dzina lake poyera. Amene muli kumtunda musaganize kuti nkhaniyi sikukukhudzani. Kwanuko kuli wosula makasu, woumba mbiya, wosema mitondo, woluka nkhokwe, ndipo mwina nayenso mumangomuika patali m'ndakatulo zanu ngati chokongoletsera.

Ndipemphenso otiyang'anira gulu lino kuti, ngati n'kotheka, mwezi umodzi tiupatule kuti tizilemba za amisiri okhaokha, ndipo mawu atsopano amene tiwatole tiwasonkhanitse pamodzi kuti aliyense aziwapeza. Amene mukudziwa mayina a zigawo za bwato m'chiyankhulo cha kwanu, kuyambira kumutu mpaka kumchira, alembeni pansipa. Ine ndi amene ndikhale woyamba kukopera. Ndipo amene mukuona kuti ndalakwitsa penapake, makamaka inu a padoko, ndikonzeni poyera pomwe pano. Mulungu akalola tikumana sabata yamawa.